Revolver yakale ya asilikali ikugulitsidwa ku Thyolo: kodi ndi yoyenera kuigula ndi kuwombera nayo chandamale?

Mphunzitsi wopuma ntchito, Chitakale, Mulanje

Akuluakulu, ndabwera kudzapempha nzeru kwa inu amene mumadziwa za mfuti zakale. Banja lina la ku Thyolo, limene bambo ake anamwalira chaka chatha atagwira ntchito zaka zambiri pa esiteti ya tiyi, likufuna kugulitsa revolver, mfuti ya m'manja yokhala ndi silinda yozungulira yoikamo zipolopolo, imene malemuwo ankasunga. Ana awo akuti chiphaso chinalipo, koma pepala lenilenilo sanandionetsebe. Mfutiyo ndaiona, ndipo ndalemba zonse zimene zinadindidwa pa chitsulo chake. Pali mawu akuti WEBLEY & SCOTT ndiponso MARK IV .38, chakumbali kuli mawu akuti WAR FINISH, ndipo palinso kachizindikiro kakang'ono kooneka ngati nsonga ya muvi. Silinda yake ili ndi mabowo 6, mfutiyo imatseguka mothyoka pakati, ndipo kunsi kwa chogwirira kuli kamphete kachitsulo. Pamodzi nayo pali kabokosi ka zipolopolo zakale, zina zitayamba kubiriwira.

Chimene chikundikoka si kufuna kudziteteza ayi. Ndaphunzitsa mbiri ya dziko lino nthawi yonse ya ntchito yanga, ndipo amalume anga anali msilikali wa King's African Rifles (KAR), gulu la asilikali a ku Africa la boma la Britain, ndipo anapita ku Burma mu 1944. Ndakhala ndikulakalaka kukhala ndi chinthu chenicheni cha nthawi imeneyo, choti ndizichisamalira ndi kuwombera nacho chandamale mwa apo ndi apo, monga amachitira anthu a maiko ena amene amasunga mfuti zakale za asilikali pongozikonda. Ndithandizeni tsono: lamulo likuti chiyani, mfuti ya zaka zoposa 80 ingawombedwebe popanda ngozi, zipolopolo zake ndi ziti, ndipo munthu wa ku Mulanje angakawombere kuti?

Wapolisi wopuma ntchito, Luchenza

Aphunzitsi, musanakambe za mtengo, ndiponso musanaigwire mfutiyo kachiwiri, yambani ndi lamulo. Nkhani za mfuti m'dziko muno zimayendetsedwa ndi lamulo la Firearms Act la 1967, ndipo mfundo yake yaikulu ndi yakuti chiphaso chimaperekedwa kwa munthu wotchulidwa dzina, pa mfuti yodziwika nambala yake. Chiphaso si chuma cha masiye choti ana nkugawana. Mwini wake akamwalira, palibe wina pakhomopo amene ali ndi chilolezo chosunga mfutiyo, ndipo choyenera ndi kudziwitsa apolisi kuti aisunge kufikira patapezeka munthu wololedwa kuitenga. Choncho ana a malemuwo pakali pano aima pamalo oterera, ndipo inu mukainyamula kuchoka ku Thyolo kupita nayo ku Chitakale, mlandu udzakhala wanu, ngakhale cholinga chanu chitakhala chabwino chotani. Musadalire kukalamba kwa mfutiyo kuti kungakupulumutseni. Malinga ikutha kutulutsa chipolopolo, muitenge ngati mfuti ina iliyonse.

Uzani banjalo lipite ku polisi ya Thyolo ndi chiphaso cha malemu pamodzi ndi kalata ya imfa, mfutiyo litaisiya kunyumba, kuti apolisi ndiwo anene mmene ingatengedwere. Nambala yodindidwa pa mfutiyo iyenera kugwirizana ndi ya m'kaundula. Chiphaso chikapanda kupezeka, kapena nambala ikaoneka kuti inapalidwa, nkhani yogula ithere pomwepo. Zonse zikakhala bwino, inu mupite ku polisi ya Mulanje kukapempha chilolezo musanapereke ndalama ina iliyonse. Adzafuna kudziwa mbiri yanu, chifukwa chimene mukufunira mfutiyo ndi malo amene mudzaisunge, ndipo pempho lotere silithera pa siteshoni, limakafika ku likulu la polisi ku Area 30 ku Lilongwe. Chiphaso chimakonzedwanso chaka ndi chaka, ndipo zipolopolo nazonso zili pansi pa lamulo lomwelo.

Ndikuuzeni mosabisa kuti mukhoza kukanizidwa. Mfuti ya m'manja imabisika m'thumba la jekete, choncho wapolisi saiona mofanana ndi mfuti yaitali ya mlimi amene akuteteza mbewu zake. Kumbukiraninso kuti pangano la maiko a SADC lolimbana ndi kufala kwa mfuti ndi zipolopolo linasainidwa ku Blantyre konkuno mu August 2001, ndipo limafuna kuti mfuti za anthu wamba zikhale zolembedwa m'kaundula ndi zodziwika eni ake.

Mmisiri wa zitsulo, Bvumbwe

Aphunzitsi, zimene anena bambo a ku Luchenza ndi zoona, ine ndingolankhula za chitsulocho, poti ndinagwirapo ntchito m'shopu yokonza mfuti ku Durban ndisanabwerere kumudzi. Mfuti mwaionayo ndi Webley Mark IV ya .38, yopangidwa ndi kampani ya Webley & Scott mumzinda wa Birmingham. Mawu akuti WAR FINISH akusonyeza kuti inapangidwa m'kati mwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, pamene kampaniyo inkapanga mfuti mothamanga, yosapeza mpata wosalaza ndi kuwalitsa chitsulo monga inkachitira pa mfuti zogulitsa kwa anthu wamba. Inadinda mawuwo kuti anthu asamayese kuti luso lake lonse ndi lomwelo. Kachizindikiro ka muviko ndi kosonyeza katundu wa boma la Britain. Mukapeza mivi iwiri yoyang'anizana nsonga, ndiye kuti boma linaigulitsa itatha ntchito yake. Fufuzaninso zilembo BNP zokhala pansi pa kachisoti kachifumu, chizindikiro chimene chinayamba m'zaka za m'ma 1950 ku Birmingham Proof House, nyumba imene inakhazikitsidwa mu 1813 kuti iziyesa mfuti ndi chipolopolo champhamvu kuposa cha masiku onse isanagulitsidwe. Kamphete ka kunsiko ndi komangapo chingwe chimene msilikali ankakoleka m'khosi kapena paphewa kuti mfuti isatayike.

Mbiri yake mwachidule ndi iyi. Pa nkhondo yoyamba asilikali a Britain ankagwiritsa ntchito Webley za .455, makamaka Mark VI ya 1915, mfuti yolemera ndi yokankha dzanja kwambiri. Nkhondo itatha akuluakulu anafuna yopepukirapo, yoti munthu wophunzitsidwa kanthawi kochepa athe kulasa nayo, ndipo mu 1932 anasankha Enfield No. 2 ya .38, yofanana kwambiri ndi ya Webley, moti kampani ya Webley inadandaula kuti boma latengera ntchito yake. Nkhondo yachiwiri itabuka fakitale ya boma ku Enfield inalephera kukwanitsa, motero boma linagulanso Webley Mark IV zambiri, kuphatikizapo za Smith & Wesson zochokera ku America. Pofika m'ma 1960 malo a revolver zimenezi anali atatengedwa ndi Browning ya 9mm, ndipo ndi pamene zambiri zinagulitsidwa. Ngakhale Webley ndi Enfield zimafanana maonekedwe, zipangizo za m'kati sizilowana, choncho kachitsulo kakathyoka musayembekezere kuti mupeza kena mosavuta.

Pa zipolopolo ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka, ndipo ndikupemphani mumvetsetse. Nambala .38 imapezeka pa mitundu yosiyana. Mfuti yanuyo imafuna .38 S&W, chimene asilikali ankachitcha .38/200, osati .38 Special chimene chimadziwika kwambiri masiku ano. Chikhokho cha .38 S&W ndi chachifupi, pafupifupi mamilimita 20, ndipo ndi chonenepa pang'ono; cha .38 Special ndi cha mamilimita 29 ndipo mphamvu yake ndi yochulukirapo. Mu silinda imene sinasinthidwe, .38 Special sichilowa chonse. Chikalowa, ndiye kuti wina anaboola mabowowo kuti atalike, ndipo mfuti yotero musaiwombe konse. Revolver yothyoka pakati ndi yosangalatsa chifukwa mukaitsegula imalavula zikhokho zonse 6 nthawi imodzi, koma mphamvu yonse ya kuphulika imatsamira pa malo awiri okha, pa cholumikizira cha pansi ndi pa loko wa pamwamba amene amakankhidwa ndi chala chachikulu. Inapangidwira zipolopolo zofatsa, ndipo zaukali zimaiwezula msanga.

Zipolopolo zobiriwira za m'kabokosizo zipite kupolisi pamodzi ndi mfutiyo, ndipo ngakhale chimodzi chisayesedwe. Chipolopolo chokalamba chimatha kuchedwa kuphulika mpaka munthu atayamba kutsitsa dzanja, kapena chimaphulika mofooka nkutsakamira mu mpope, ndipo chotsatira chikachigunda mpope umatupa kapena kung'ambika.

Mfutiyo ikakhala m'manja mwa apolisi, pemphani kuti munthu wawo woyang'anira zida kapena mmisiri wovomerezeka aiyeze ilibe kanthu m'kati. Ikatsekedwa isagwedere pa cholumikizira. Pokoka pang'onopang'ono hamala, kachitsulo ka kumbuyo kamene kamamenya chipolopolo kuti chiphulike, silinda iyenera kukhala itaima nji hamalayo isanafike kumapeto, ndipo zimenezi ziyesedwe pa mabowo onse 6, chifukwa bowo likapanda kulunjika bwino ndi mpope chipolopolo chimapalidwa m'mbali ndipo tizidutswa ta mtovu timathethekera kwa amene waima pafupi. Aunike mu mpope kuti aone ngati muli maenje a dzimbiri kapena mphete yakuda yosonyeza kutupa, ayerekezenso manambala a pa thupi, pa mpope ndi pa silinda.

Chomaliza, musanapemphe chiphaso funsani kaye kwa ogulitsa zida ovomerezeka ku Blantyre ngati angathe kukupezerani .38 S&W. Ngakhale ku Durban sizinkapezeka m'shopu iliyonse. Mukazipeza mudzaona kuti mfutiyo ikulasa pansi pa pamene mwalozapo. Chifukwa chake ndi chakuti inakonzedwera chipolopolo cholemera, poyamba cha magireni 200, pafupifupi magalamu 13, kenako cha 178 chokutidwa ndi chitsulo, pamene za m'mashopu lero nthawi zambiri ndi za 145 kapena 146. Chopepuka chimatuluka msanga mpope usanadzuke, ndiye chimagwera m'munsi. Musapale kachitsulo koyang'anira ka kutsogolo pofuna kukonza zimenezi. Ingolozani chapamwamba pang'ono, mfutiyo ikhale monga anaipangira.

Namwino wopuma ntchito, Muloza

Achimwene, ndawerenga zonse ndipo ndikumva chikondi chanu pa mbiri, koma ndiloleni ndilankhule monga munthu wa kumalire. Nkhondo ya ku Mozambique inatenga zaka za 1977 mpaka 1992, ndipo ife a ku Muloza tinaiona ndi maso, poti Milange ali tsidya lomweli. Anthu othawa nkhondo m'dziko muno anafika pafupifupi miliyoni imodzi. Mtendere utasainidwa ku Rome mu October 1992 anthu anabwerera kwawo, koma mfuti zambiri sizinabwerere m'nkhokwe za boma, ndipo kwa zaka zingapo dzina la AK-47 linkamveka m'nkhani za umbava m'maboma a kumalire. Ine ndinatsukapo mabala a zipolopolo, ndipo chiyambire pamenepo sinditha kuona mfuti ngati chinthu chosangalatsa.

Taganizirani mudzi wanu. Kwathu kuno chinsinsi sichikhalitsa. Mukadzangowomba kamodzi, Chitakale yense adzadziwa kuti kwa aphunzitsi kuli mfuti. Mbava zimene sizikanabwera kudzafuna wailesi zidzabwera kudzafuna imeneyo, ndipo ikabedwa idzakagwira ntchito yoipa ili ndi dzina lanu m'kaundula. Taganiziraninso adzukulu amene amadziwa pamene pamakhala makiyi onse a m'nyumba. Ndipo kodi mudzawombera kuti? Mulanje ndi Thyolo ndi ena mwa maboma othithikana kwambiri anthu m'dziko muno. Pamene mukuona ngati palibe munthu, m'tiyi muli othyola masamba, m'nkhalango muli amayi otola nkhuni, ndipo tinjira ta ana asukulu tadutsa paliponse. Ngati mfutiyo ndi ya mbiri, malo ake abwino ndi ku nyumba yosungira zinthu zakale ku Chichiri, kumene ana a sukulu zambiri angaione, kusiyana ndi m'chipinda cha munthu mmodzi.

Wophunzira mbiri, Zomba, kwawo ku Thekerani

Bambo aphunzitsi, ndine mwana pakati panu, koma ndiloleni ndiikepo mawu pa mbali ya amalume anu. Gulu la King's African Rifles linakhazikitsidwa mu 1902, ndipo mabataliyoni ake a 1 ndi 2 anali a Nyasaland. Amene anapita ku Burma ambiri anali mu 11th East African Division, imene mu 1944 inadutsa chigwa cha Kabaw m'nyengo ya mvula yamphamvu, malungo ali ponseponse, mpaka kukafika ku mtsinje wa Chindwin. Koma msilikali wamba pa ulendo umenewo ankanyamula mfuti yaitali ya Lee-Enfield .303 ndi chikwanje. Revolver kwenikweni inali ya maofesala, amene pa nthawiyo anali azungu, ndi ena ochepa amene ntchito yawo sinkawalola kunyamula mfuti yaitali. Choncho Webley imeneyo ndi ya nthawi ya amalume anu, koma mwina si chida chimene iwo anagwira.

Palinso china. Mfuti za mtundu umenewu zinkanyamulidwanso ndi apolisi a maiko olamulidwa ndi Britain, ndipo ku Thyolo kumene yapezeka ndi kumene kunali zipolowe za 1953 pa nkhani za malo, thangata ndi chitaganya. Sindikunena kuti mfuti iyiyi inali pamenepo, koma mphunzitsi wa mbiri ayenera kufufuza njira imene inadzera asanaitchule kuti ndi ya ku Burma. Funsani banjalo kuti malemuwo anaipeza liti ndiponso kwa yani, ndipo kaundula wa apolisi akhoza kusonyeza chaka chimene inalembedwa koyamba. Za amalume anu enieniwo mungazipeze bwino m'mamendulo awo, makamaka ya Burma Star ngati abale anaisunga, m'kabuku kawo kotulukira usilikali, ndiponso ku National Archives kuno ku Zomba, mzinda womwe kuli chipilala chokumbukira asilikali a KAR.

Mphunzitsi wopuma ntchito, Chitakale, Mulanje

Zikomo kwambiri nonse. Banjalo ndalifotokozera, ndipo mwana wamkulu wavomera kupita ku polisi ya Thyolo ndi mapepala a malemu. Achemwali a ku Muloza, mawu anu ndawasunga, ndipo ndikambirana ndi mayi a kunyumba ndisanalembe pempho lililonse, poti nyumbayi ndi yathu tonse. Mwana wanga wa ku Zomba, zoti inali mfuti ya maofesala sizikuchepetsa chidwi changa, chifukwa kusiyana kwa amene ankanyamula revolver ndi amene ankanyamula .303 ndi mbali ya mbiri yomweyo. Amisiri a ku Bvumbwe, ngati chilolezo chitaperekedwa, ndingaisunge bwanji m'chinyontho cha kuno kunsi kwa phiri, ndipo pa tsiku lowombera ndisamale chiyani?

Mmisiri wa zitsulo, Bvumbwe

Aphunzitsi, mdani wamkulu wa mfuti imeneyo ku Mulanje ndi dzimbiri, makamaka m'dzinja ndi m'miyezi ya June ndi July pamene chiperoni chimalowa mpaka m'nyumba. Chitsulo cha WAR FINISH sichinatetezedwe bwino kuyambira pachiyambi. Musaisunge m'chikwama chake chachikopa kapena kuikulunga m'nsalu, chifukwa zonsezi zimasunga chinyontho. Ipakeni mafuta a mfuti ochepa kwambiri kunja ndi mu mpope, ndipo muziipukuta nthawi iliyonse mukaigwira, poti thukuta la m'manja lili ndi mchere. Dzimbiri likayamba, lifewetseni ndi mafuta ndi kulipukuta modekha. Sandipepa ndi penti zimafafaniza zizindikiro zomwe zija zimene zikupereka mbiri yake. Ikhale m'bokosi lachitsulo lokhomeredwa kukhoma, ilibe chipolopolo m'kati, zipolopolo zikhale pamalo ena okhoma, ndipo kiyi akhale pa thupi panu. Apa mayi a ku Muloza anena zoona, ndipo ngati simungathe kukwaniritsa zimenezi tsiku ndi tsiku, ndi bwino kusagula.

Za malo owombera, funsani apolisi pa nthawi yomwe mukupempha chiphaso, kuti akuuzeni malo ovomerezeka. Kumunda kwanu kapena m'mphepete mwa phiri ayi. Chipolopolo cha mfuti imeneyi chimatuluka pa liwiro la pafupifupi mamita 190 pa sekondi, lomwe ndi lochepa poyerekeza ndi mfuti zamakono, komabe chimapha, chimauluka mamita mazanamazana, ndipo chikagunda mwala kapena madzi chimanjanja nkulowera kumene simunaganizire. Kumbuyo kwa chandamale kuyenera kukhala mulu waukulu wa dothi lofewa lopanda miyala. Mtunda wa mamita 10 mpaka 15 ndi wokwanira.

Valani zotseka m'makutu ndi magalasi oteteza maso. Pakati pa silinda ndi mpope pali kampata kamene pamatuluka mpweya wamoto, choncho chala cha dzanja lachiwiri chisafike pamenepo. Mukakoka ndipo chipolopolo osaphulika, musatsegule msanga. Khalani mutalozabe ku chandamale kwa masekondi osachepera 30. Kulira kukamveka kofooka kusiyana ndi kwa zinzake, lekani pomwepo, tsegulani, chotsani zonse ndipo muunike mu mpope. Poyamba muzikoka hamala ndi chala musanawombe, chifukwa kukoka trigger yokha, kachitsulo kokokedwa ndi chala powomba, pa Webley kumalimba ndipo kumagwedeza dzanja. Zipolopolo zochepa pa ulendo umodzi zikwanira, poti masipuling'i a zaka zimenezo akathyoka ena sapezeka. Mukamaliza tsukani mpope ndi mabowo a silinda tsiku lomwelo, kenako sambani m'manja ndi sopo musanagwire nsima, chifukwa mtovu umatsalira pa zala.

Woyeza akapeza kuti cholumikizira chikugwedera kapena mpope watupa, mfutiyo si yowombanso. Pamenepo mutha kufunsa apolisi ngati angalole kuti mmisiri wovomerezeka aiphe kotheratu kuti ikhale yongoonetsa, ndiponso mmene yoteroyo imalembedwera m'kaundula. Mtengo mukambirane ndi banjalo zotsatira za kuyezako zitatuluka, chifukwa Webley yowombeka ndi Webley yongoonetsa mitengo yake si imodzi.